Kuchokera ku Pinnacle Kukafika ku Shashamane: Ulendo Wofuna Kudziwa Chirasta

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Ino ndi pulogalamu yathu ya maulendo ndi zikhalidwe za anthu. Lero tipita ku Jamaica, tiwolokere ku Ethiopia, kenako tibwerere kuno kumudzi. Tikufuna kudziwa Marasta: amakhulupirira chiyani, amakhala bwanji, ndipo wopita kukawachezera ayenera kudziwiratu zotani. Ndili ndi aphunzitsi a mbiri yakale amene atitsogolere.



Ambirife tikamva za Rasta timaganiza za madiredi, chamba ndi Bob Marley. Pali chinanso choti munthu n'kukwerera ndege?

MPHUNZITSI: Chilipo, ndipo n'chachikulu kuposa zitatu mwatchulazo. Chirasta chinabadwa pakati pa zidzukulu za anthu amene anagwidwa kuno ku Africa n'kukagulitsidwa ukapolo m'minda ya nzimbe pachilumba cha Jamaica. Ukapolo unatheratu mu 1838, koma pofika cha m'ma 1930 anthu akuda ambiri analibe malo awoawo, ankalamulidwabe ndi Angerezi, ndipo chithunzi cha Yesu chimene ankachiona m'tchalitchi chinali cha mzungu. Funso limene linkawasowetsa tulo linali lakuti, kodi kwathu kwenikweni n'kuti? Malo alionse amene tifike lero akuyankha funso limeneli mwa njira yake. Mlendo amene wangothera m'sitolo ya masikipa ndi zipewa za mitundu itatu amabwerako asanalimve n'komwe.

MUULUTSI: Ndiye tiyambire pati?

MPHUNZITSI: Tiyambire ku St Ann's Bay, tauni ya kumpoto kwa chilumbachi. Kutsogolo kwa laibulale ya m'tauniyi kuli chiboliboli cha Marcus Garvey, amene anabadwira kumeneko pa 17 Ogasiti 1887. Mu 1914 anayambitsa bungwe la UNIA, ndipo ankaphunzitsa anthu akuda kudzilemekeza, kukhala ndi mabizinesi awoawo ndi kuona Africa ngati kwawo. Otsatira ake ankanena kuti iye anawauziratu kuti maso akhale ku Africa, kumene mfumu yakuda idzavekedwe chisoti. Ndiye pa 2 Novembala 1930, ku Addis Ababa, Ras Tafari Makonnen anavekedwa ufumu n'kutenga dzina lakuti Haile Selassie Woyamba. Mwa mayina ake aulemu munali akuti Mfumu ya Mafumu ndi Mkango wa Fuko la Yuda. Anthu a ku Jamaica, omwe Baibulo ankalidziwa bwino kwambiri, anatsegula Chivumbulutso chaputala 5 ndi 19, komanso Salimo 68, n'kunena kuti ulosi wakwaniritsidwa.

MUULUTSI: Garvey mwiniwakeyo anali Rasta?

MPHUNZITSI: Ayi. Ndipo Haile Selassie atathawira ku England mu 1936, dziko lake litalandidwa ndi asilikali a Italy, Garvey anamudzudzula poyera. Komabe Marasta amamulemekeza ngati mneneri amene anakonza njira. Amene anayamba kulalikira kuti Selassie ndi Mulungu wooneka m'thupi anali Leonard Howell, Joseph Hibbert, Archibald Dunkley ndi Robert Hinds. Kuti timudziwe Howell, tikwere mapiri a St Catherine, kufupi ndi mudzi wa Sligoville, pamalo otchedwa Pinnacle.

MUULUTSI: Tikafika kumeneko tiona chiyani?

MPHUNZITSI: Mabwinja. Zipilala za nyumba yaikulu yakale, tchire, ndipo mukaima pamwamba mumaona mzinda wa Kingston ndi nyanja chapatali. Koma mbiri yake ndi yolemera. Mu 1933 Howell ankayendayenda m'boma la St Thomas kuuza anthu kuti mfumu yawo ndi Selassie, osati George wa ku England, ndipo ankagulitsa zithunzi za Selassie pa shileni imodzi. Atsamunda anamumanga, ndipo mu 1934 anamugamula kukakhala kundende zaka ziwiri pa mlandu wogalukira boma. Mu 1940 anapeza malo aakulu pa Pinnacle, anthu mazanamazana n'kumutsatira. Ankalima chinangwa, zilazi, chimanga ndi chamba, ankawotcha makala ndi laimu, ankaweta ziweto, ndipo sankapempha kanthu kwa mzungu. Uku kunali kuyankha koyamba kwa funso lija: ngati sitingathe kupita ku Africa lero, timange Africa wathu pomwe pano.

MUULUTSI: Boma linawasiya?

MPHUNZITSI: Likanawasiya bwanji? Apolisi anafikapo mu 1941, ndipo mu 1954 anabwera ndi mphamvu n'kuuphwasula mudziwo. Anthu anabalalikira m'madera osauka a kumadzulo kwa Kingston monga Back o' Wall ndi Trench Town. Boma linkafuna kuzimitsa chiphunzitsocho, koma m'malo mwake linachifesa mumzinda. Lero kachigawo kakang'ono ka Pinnacle n'kotetezedwa ngati malo a mbiri ya dziko, pamene malo ozungulira akhala akukanganirana pakati pa Marasta ndi ofuna kumangapo nyumba zamakono. Ndipo omvera adabwe: Howell analibe madiredi. Tsitsi lopotanali linafala pambuyo pake, kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pakati pa achinyamata a mu Kingston, makamaka a gulu la Youth Black Faith. Ankatsatira lumbiro la Mnaziri la pa Numeri chaputala 6, loletsa lumo kumutu.

(NG'OMA ZA NYABINGHI, KWA KANTHAWI KOCHEPA)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tili pa ulendo wofuna kudziwa Chirasta, ndipo tatsikira mumzinda wa Kingston. Aphunzitsi, ng'oma zimene tamvazi n'zotani?

MPHUNZITSI: Ndi ng'oma zitatu za mapemphero a Nyabinghi. Yaikulu imatchedwa bass, imaombedwa ndi chibonga chokulunga nsalu. Yapakati ndi funde, imene imagunda kawirikawiri mosasinthasintha, ndipo eni ake amati ndi kugunda kwa mtima. Yaing'ono ndi akete, imene imayankhula ndi kuyankha oimba. Dzina la Nyabinghi analitenga ku gulu lachipembedzo la kumalire a Uganda ndi Rwanda limene linalimbana ndi atsamunda. Katswiri amene anatchukitsa ng'omazi anali Count Ossie wa ku phiri la Wareika, kum'mawa kwa Kingston. Pamisonkhano ikuluikulu ng'oma zimalira usiku wonse, masiku angapo, moto uli lawilawi, anthu akuimba masalimo ndi kutamanda Jah, limene ndi dzina limene amatchulira Mulungu.

MUULUTSI: Nanga za Bob Marley tizilumpha?

MPHUNZITSI: Tingazilumphe bwanji? Nyumba yake pa 56 Hope Road ndi malo osungirako mbiri yake, ku Trench Town Culture Yard mumaona kachipinda kamene ankagonamo asanatchuke, ndipo ku Nine Mile, kumene anabadwira mu 1945, n'kumene kuli manda ake. Kudzera mu reggae ndi mmene uthenga unafikira padziko lonse, ndipo mu Epulo 1980 anadzaimba pa bwalo la Rufaro pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe. Koma malo amenewa amakuonetsani woimba. Kuti muone chipembedzo, pitani kum'mawa kwa mzinda, ku Bull Bay, mukwere phiri la Bobo Hill.

MUULUTSI: Kumeneko ndiye kwa ovala nduwira aja?

MPHUNZITSI: Eya, a Bobo Ashanti. Mpingowu unayambitsidwa ndi Prince Emmanuel Charles Edwards mu 1958, ndipo unakhazikika paphiripo mu 1972, utathamangitsidwa m'malo ena mumzinda. Iwo amati Garvey ndi mneneri, Emmanuel ndi wansembe, Selassie ndi mfumu. Amavala mikanjo, tsitsi amalikulunga m'nduwira, amasunga Sabata kuyambira Lachisanu dzuwa likamalowa, ndipo amadziwika mu Kingston monse chifukwa chopanga ndi kugulitsa matsache. Mlendo salowa chilowereni. Mumaima pachipata, amakufunsani chimene mwadzera, amakupemphererani, ndipo ku kachisi mumavula nsapato. Mayi amafunda kumutu ndi kuvala chovala chofika kumapazi.

MUULUTSI: Pamenepo ndifunse ngati mayi. Akazi ali ndi malo otani m'chipembedzochi?

MPHUNZITSI: Funso limenelo Marasta eni ake amalikambirana kwambiri. Pa Bobo Hill mayi akakhala kumwezi amapatulidwa kwa masiku ambiri, potsatira mmene amamvera malamulo a m'buku la Levitiko, ndipo ngakhale mlendo wamkazi amafunsidwa za zimenezi pachipata. M'misonkhano yambiri yakale akazi sankaomba ng'oma kapena kutsogolera. Koma amayi a Chirasta akhala akutsutsa zina mwa izi, ndipo ambiri lero amatchula Mfumukazi Menen pamodzi ndi mwamuna wake Selassie, poti anavekedwa ufumu tsiku limodzi. Muyeneranso kudziwa kuti Chirasta chilibe mtsogoleri mmodzi kapena likulu limodzi. Mpingo wa Twelve Tribes of Israel, umene Vernon Carrington anayambitsa mu 1968, umalimbikitsa kuwerenga chaputala chimodzi cha Baibulo patsiku, umavomereza Yesu Khristu poyera, ndipo sukakamiza madiredi. Zimene mwamva pakhomo limodzi musaziyese za onse.

MUULUTSI: Tayenda mtunda wautali, njala yatipweteka. Atipatsa chiyani?

MPHUNZITSI: Akupatsani chakudya chimene amati ital, chachilengedwe, chosadutsa m'fakitale. Osunga mwambo kwambiri sadya nyama, sathira mchere wogula, samwa mowa. Nkhumba ndi nkhanu ndiye zoletsedwa pafupifupi kwa onse, ngakhale ena amadya tinsomba ting'onoting'ono. Mumphika mumalowa maungu, zilazi, nyemba, nthochi zosapsa ndi ndiwo zamasamba zotchedwa callaloo, zimene ndi mtundu umodzi ndi bonongwe wathuyu, zonse zophikidwa mu mkaka wa kokonati. Ena amaphikira mumphika wadothi n'kudyera m'chipanda. Chifukwa chake n'chakuti thupi ndi kachisi, ndiponso munthu wodya zolima yekha sagwidwa pakhosi ndi Babulo. Babulo kwa iwo ndi ulamuliro ulionse wopondereza, kuyambira atsamunda mpaka malonda odyera masuku pamutu osauka, pamene Ziyoni ndi Ethiopia, kapena Africa yense.

MUULUTSI: Nanga chamba? Omvera akudikira pamenepa.

MPHUNZITSI: Olemba mbiri ambiri amati chinafika ku Jamaica ndi amwenye amene anabwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe kuyambira mu 1845. Marasta ambiri amachitenga ngati chopatulika. Amakhala mozungulira, wina amapemphera, chikololo chimayenda dzanja ndi dzanja, kenako amakambirana za Malemba, mbiri ndi ndale, mwambo umene amautcha reasoning. Alipo Marasta osasuta n'komwe, ndipo alipo osuta miyandamiyanda amene si Marasta. Mu 2015 Jamaica inasintha lamulo: kupezeka ndi chamba chosapitirira magalamu 56 si mlandu wopita nawo kundende, ndipo Marasta analoledwa kuchigwiritsa ntchito popembedza. Koma lamulo limenelo limathera pabwalo la ndege. Ku Ethiopia n'choletsedwa, ndipo kuno ku Malawi lamulo la 2020 linaloleza cholimidwa ndi chiphaso, chopangira mankhwala ndi katundu wa m'mafakitale, osati chosuta.

MUULUTSI: Tisanachoke pachilumbachi, patsala malo ena?

MPHUNZITSI: Montego Bay, kumene alendo okaona malo amachuluka. Kufupi ndi tauniyi kuli Rastafari Indigenous Village, kumene Marasta amalandira alendo mwadongosolo, kuwaonetsa kapangidwe ka ng'oma, mankhwala azitsamba ndi kaphikidwe. Koma chakum'mawa pang'ono kuli Coral Gardens. Mu Epulo 1963, dziko lisanathe n'chaka chomwe lili pa ufulu, mkangano wa malo m'dera limene ankalikonzera mahotela unabala chipolowe. Malo omwetsera mafuta anatenthedwa, anthu asanu ndi atatu anafa, awiri mwa iwo apolisi. Boma la Alexander Bustamante linalamula kusaka Marasta, ndipo oposa 150 anagwidwa, kumenyedwa ndi kumetedwa mokakamiza. Marasta amalitcha tsikulo Lachisanu Loipa. Panapita zaka 54 kuti nduna yaikulu Andrew Holness apepese m'nyumba ya malamulo mu 2017. Gombe limene lero likugulitsa nkhope ya Rasta kwa alendo ndi lomwe lija ankamuthamangitsako kuti asaipitse malo. Mukagula chosema kumeneko, funsani kuti ndalamayo ikulowa m'thumba la yani.

(NYIMBO YA ZITOLIRO NDI ZINGWE YA KU ETHIOPIA, KWA KANTHAWI KOCHEPA)

MUULUTSI: Tsopano tawoloka nyanja, tatera ku Addis Ababa. Kodi Haile Selassie ankadziwa kuti kuli anthu omupembedza?

MPHUNZITSI: Anadzionera yekha. Pa 21 Epulo 1966 anatera pa bwalo la ndege la Palisadoes ku Kingston, ndipo khamu la anthu linazungulira ndege moti sanathe kutsika mpaka mkulu wina wa Marasta, Mortimer Planno, atawakhazika mtima pansi. Tsikulo amalikumbukira chaka ndi chaka. Koma iye anali Mkhristu wa mpingo wa Ethiopian Orthodox, ndipo mu 1967 anauza mtolankhani wa ku Canada kuti iye ndi munthu, ndipo adzafa monga munthu aliyense. Anatumizanso wansembe, Abuna Yesehaq, kukatsegula mpingowo ku Jamaica mu 1970, ndipo ndi iyeyu amene anabatiza Bob Marley mu 1980. Mu Addis Ababa mungaone tchalitchi cha St George kumene mwambo wa ufumu unachitikira, nyumba yake yachifumu yakale imene ili mkati mwa yunivesite, ndi manda ake mu tchalitchi cha Holy Trinity.

MUULUTSI: Manda a munthu amene ena amati ndi Mulungu?

MPHUNZITSI: Pamenepo ndi pofunika kuyenda mosamala. Asilikali a Derg anamuchotsa pampando mu 1974, dziko litavutika ndi njala yoopsa ya ku Wollo, ndipo anamwalira ali m'manja mwawo mu Ogasiti 1975. Mafupa ake anaikidwa mwaulemu mu Novembala 2000. Marasta ena sanavomereze kuti anafa, ena amati thupi linapita koma mzimu ulipo, ena amamutenga ngati mfumu yodzozedwa osati Mulungu. Nawo Aitiyopiya ndi ogawanika. Ena amamukumbukira ngati amene anadzudzula Italy pamaso pa bungwe la League of Nations mu 1936 ndi kuthandiza kukhazikitsa bungwe la OAU mu 1963. Ena, makamaka pakati pa Aoromo, amakumbukira malo olandidwa ndi chiyankhulo chawo choponderezedwa. Mlendo amve mbali zonse.

MUULUTSI: Ndipo Shashamane ali kuti?

MPHUNZITSI: Makilomita pafupifupi 250 kummwera kwa Addis Ababa, m'chigawo cha Oromia. Mu 1948 Selassie anapereka maekala 500 kwa anthu akuda a kutsidya kwa nyanja, powathokoza chifukwa chothandiza Ethiopia pankhondo yake ndi Italy. Malowo anadzera m'bungwe la Ethiopian World Federation. Oyamba kukhazikika, cha mu 1955, sanali Marasta. Marasta anayamba kufika m'zaka za m'ma 1960, ndipo ambiri anabwera pambuyo pake kudzera mu Twelve Tribes. Apa ndi pamene loto lobwerera kwawo linakumana ndi fumbi lenileni. Mu 1975 boma la Derg linalanda malo onse m'dziko, ndipo iwo anatsala ndi kachigawo kochepa. Ena anabwerera ku Jamaica, ena anapirira.

MUULUTSI: Opirirawo anapeza chimene ankafuna?

MPHUNZITSI: Anapeza zina, zina ayi. Mukayenda m'dera limene eni tauni amalitcha Jamaica Sefer muona mipanda yopakidwa zobiriwira, zachikasu ndi zofiira, kachisi wa Nyabinghi, likulu la Twelve Tribes, malo odyera ital, ndi sukulu imene Marasta anamanga, momwe ana ambiri ndi Aitiyopiya. Pa 23 Julaye, tsiku lobadwa Selassie, ng'oma zimalira usiku wonse ndipo alendo amachokera kutali. Koma kwa zaka zambiri anthuwa analibe mapepala. Ana obadwira konko, oyankhula Chiamhariki bwinobwino, sankawerengedwa ngati nzika. Mu 2017 boma linalengeza kuti liwapatsa zitupa zokhalira m'dziko, zimene si unzika wathunthu. Munthu anasiya zonse kuti apite kwawo, n'kupeza kuti kwawoko akumutcha mlendo. Ukakhala pansi ndi agogo a kumeneko, ambiri amakuuza kuti sanong'oneza bondo, koma sakubisiranso kuti Ziyoni ali ndi ofesi yoona za olowa ndi otuluka.

MUULUTSI: Ndiye wopita kumeneko adzisunge bwanji?

MPHUNZITSI: Akumbukire kuti safunsa anadya phula. Apemphe asanajambule chithunzi. Asagwire tsitsi la munthu. Asafike ndi mowa, fodya wa ndudu kapena nyama pamalo opemphera. Asayambe ndi kufunsa chamba, chifukwa n'chipongwe chimene atopa nacho, ndipo pamsewu pali anyamata odzitcha operekeza amene angamulowetse m'mavuto ndi apolisi. Ndi bwino kulumikizana ndi mpingo kapena mudzi umene akupitako asananyamuke, ndi kusiya kangachepe kothandizira sukulu kapena kachisi. Chachikulu, akhale ndi nthawi. Kukambirana kwawo sikuthamangira wotchi, ndipo amayembekezera kuti nawenso unene zako: ndiwe yani, umakhulupirira chiyani. Kwa Mmalawi amafunsanso kuti, inu amene simunachoke mu Africa, mwamuchitira chiyani?

MUULUTSI: Funso lolasa limenelo. Nanga amene alibe ya ndege, aphunzitsi?

MPHUNZITSI: Akwere basi ya ku Zomba. Haile Selassie anadzacheza kuno mu 1965, ndipo pamwamba pa phiri la Zomba pali malo otchedwa Emperor's View, kumene anaima n'kuona chigwa chonse. Marasta a kuno amakwerako kukapemphera. Ku Blantyre kuli msewu wa Haile Selassie, ndipo ku Chileka n'kwawo kwa woimba Evison Matafale, amene anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, ndi gulu lake loimba la Black Missionaries. Ku Zomba komweko, mu Meyi 2023, Jaji Zione Ntaba wa khoti lalikulu anagamula kuti n'kulakwira malamulo kukaniza ana a madiredi m'sukulu za boma. Mabanja amene anamenyera nkhondo imeneyi ndi anansi athu, timagula nawo pamsika umodzi. Kuwapatsa moni ndi kuwafunsa mwaulemu za chikhulupiriro chawo sikulira pasipoti.

MUULUTSI: Nthawi yatithera.



Omvera athu, tilembereni maganizo anu, makamaka inu a Chirasta: ndi chiyani chimene anthu amalakwitsa kwambiri akamanena za inu? Makalata anu tidzawawerenga pa pulogalamu ino. Sabata yamawa tidzabwerera ku Ethiopia, tidzapita ku Lalibela kukaona matchalitchi osemedwa m'thanthwe. Mpaka nthawi imeneyo, tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)